Mapaipi a Kutsogolo a Limba la ku Ammerode

A Ehregott Liebetrau anafika ku Ammerode m'chaka cha 1879 ali ndi bokosi limodzi la mabuku a nyimbo, ndevu zongoyamba kumera, ndi chikhulupiriro chakuti kumeneko sakhalitsako. Anauza mwini ngolo amene anawanyamula pa siteshoni kuti awasunge nkhope, chifukwa pasanathe zaka ziwiri adzamuitananso, matchalitchi akuluakulu a m'mizinda akangomva za iwo. Mwini ngoloyo anamwalira. Mwana wake analowa m'malo, naye n'kumera imvi. A Liebetrau anali pomwepo, pakati pa sabata akuphunzitsa ana a alimi kuwerenga, Lamulungu akuliza limba m'tchalitchi, makutu ali tcheru kudikira kuitanidwa. Mizinda ija iyenera kuti inali ndi vuto la kumva.

Limbalo analida kuyambira tsiku loyamba. Linapangidwa ndi mmisiri wina wa kuseri kwa phiri zaka zana ndi theka m'mbuyomo, munthu amene ngakhale dzina lake mbewa zinadya pamodzi ndi mabuku akale a mpingo. Makiyi ake anali ouma ngati chitseko cha khola, mivukuto inkapuma ngati munthu wa mphumu, ndipo kukazizira kiyi imodzi ya kumunsi inkakana kubwerera, n'kumangolira yokha pakati pa ulaliki mpaka wina aimenye chibakera. Koma kutsogolo kwake, moyang'anana ndi anthu, kunaima mapaipi makumi atatu ndi asanu a chitsulo cha tini, ena aatali kuposa munthu, ndipo amenewo anali nkhani ina. Sankakuwa, sankanyengerera. Ankangonena chimene auzidwa, mofatsa, ngati munthu wamkulu amene alibe chifukwa chokwezera mawu. A Liebetrau anazimva zimenezi Lamulungu loyamba lomwe, ndipo sanauze munthu. Munthu amene anaphunzira nyimbo ku sukulu yaikulu sangamayende uku ndi uku akutama ntchito ya kalipentala wa kumudzi.

Zimene ankauza anthu zinali zina. Chaka ndi chaka, mbatatesi zikangokumbidwa, ankakhala pansi n'kulembera ofesi ya chigawo, yoyang'anira matchalitchi ndi masukulu, kupempha limba latsopano. Kulemba makalata ankakutha, mwinanso kuposa kupeka nyimbo. M'kalata ina anati limba la ku Ammerode ndi ng'ombe yodwala chifuwa. M'kalata ina anati ndi bokosi la maliro limene anthu anaiwala kukwirira. Chaka chimene mudzi woyandikana nawo unagula limba latsopano anapsa mtima mpaka kulemba kuti m'limba lonselo mulibe paipi ndi imodzi yomwe yoyenera kusungidwa, ndipo a kutsogolowo angathandize anthu atawasungunula n'kupanga masupuni. Za masupunizo anazikonda kwambiri moti anazibwereza m'makalata ena angapo. Ofesi inkayankha ndi mzere umodzi: nkhani yanu yalandiridwa ndipo ikuganiziridwa. Mu 1902, atapempha limba koposa ka makumi awiri, ofesiyo inawapatsa udindo wa Katswiri wa Malimba wa Chigawo, poona kuti udindowo sudya kanthu, ndiponso mwina munthu akhala chete. Sanakhale chete. Anangoyamba kudinda chidindo pa makalata aja.

Nyimbo anapeka zambiri: za Khirisimasi, za maliro, za kukolola, ina yolandirira mlatho watsopano. Ankazitumiza kwa osindikiza mabuku ku mzinda, zinkabwerera zili zomanga ndi chingwe chomwecho, mfundo yake yomweyo. Mpingo nawo sunkawathandiza. Anthu a ku Ammerode amaimba nyimbo ya m'buku monga amalimira, mzere umodzi n'kupuma, ndipo mwambo wathu wakuti woliza limba aziika kachidutswa kakekake pakati pa mzere ndi mzere a Liebetrau anautenga ngati munda wopanda malire. Pamene anzawo ankangoliza pang'ono kuti anthu akoke mpweya, iwo ankanyamuka ulendo, pobwera n'kupeza anthu ataiwala vesi.

Amene ankadziwa kutalika kwa maulendowo ndi miyendo yawo anali Mayi Amthor, mkazi wamasiye amene ankaponda mivukuto kuseri kwa limba kuti mpweya usathe. Ntchitoyo anailowa amuna awo atamwalira, ndipo ankanena poyera kuti amunawo anaphedwa ndi nyimbo ya mlatho ija.

"Lero tikupita kutali, aphunzitsi, kapena tibwerera pa mphambano?" ankafunsa akuvula nsapato zawo zamatabwa.

"Inu pondani, mayi. Za nyimbo siyirani ozidziwa."

"Ee, tiponda. Koma mukamva zii kuseri kuno, mudziwe kuti ndatsatira bambo."

Nyimbo yawo yaikulu anaiyamba mu 1911, kukonzekera tsiku lomaliza la Okutobala 1917, limene mpingo wa Luther unkadzakwanitsa zaka mazana anayi. Iyi inali yoti mizinda ija ichite nayo manyazi. Nkhondo inayamba iwo ali pakati pake, anyamata a m'kwaya anapita mmodzimmodzi, iwo anangodandaula kuti mapepala akusowa. Ndipo kaya ankadziwa kaya sankadziwa, nyimbo yonseyo anaimanga pa mapaipi a kutsogolo aja. Mawu ena onse a limba ankangoperekeza. Mutu wa nyimbo, umene munthu angatuluke nawo m'tchalitchi akuimba mluzu, unali m'mapaipi makumi atatu ndi asanuwo basi.

M'mwezi wa Malichi 1917, nyengo imene tonse tinkadya tanaposi m'mawa, tanaposi masana, n'kumwera khofi amene ankamveka tanaposi, Abusa Hertel anafika ku sukulu ndi pepala m'manja. Anali munthu wofatsa, wokonda mtendere kuposa nyimbo.

"Boma likufuna tini, aphunzitsi. Mapaipi a kutsogolo m'matchalitchi onse achotsedwe, akathandize ku nkhondo."

"Sangatero."

"Atero. Miphika ya mkuwa ya amayi athu anatenga kale, ndiye limba n'chiyani? Komabe inu sizikukhudzani kwenikweni, si nanga munkati ndi masupuni."

A Liebetrau analanda pepalalo. M'munsi mwake, m'zilembo zing'onozing'ono momwe boma limabisa chifundo chake, munalembedwa kuti mapaipi akale a luso lapadera akhoza kusiyidwa, ngati katswiri wa chigawo achitira umboni mwezi wa Epulo usanathe. Nkhope yawo inawala. Katswiri wa chigawo si iwo omwe? M'mawa mwake anavala jekete la maliro, anakwera sitima, kupita ku ofesi kukapulumutsa mapaipi ndi nyimbo yawo.

Kalaliki woyang'anira nkhani za zitsulo anali bambo wa zaka makumi anayi, wotsimphina mwendo, chifukwa chake nkhondo inamusiya pa desiki. Ataona mlendoyo anaimirira.

"Aphunzitsi! Khalani pansi. Mwandiiwala?"

"Stegmann. Iwe uja unkaimba ngati chitseko."

"Yemweyo. Munandiimika kumbuyo kwa kwaya, munati ndizingoyendetsa milomo osatulutsa mawu. Malangizo amenewo andithandiza kwambiri kuno ku boma."

A Liebetrau sanaseke. Anafotokoza chimene anabwerera, monga munthu wouza wantchito pamene aike katundu: mapaipi a ku Ammerode ndi akale, ndi a luso lapadera, katswiri wanena, Stegmann alembe. Stegmann anamvetsera mwaulemu, anapepesa, anatuluka. Anabwerako atakumbatira faelo ngati mwana wa nkhosa, n'kuitula pa desiki, fumbi kobo. Mlandu suwola, makamaka ukakhala m'kabati ya boma.

"Vuto n'lakuti katswiri ananena kale, aphunzitsi. Ka makumi atatu ndi kasanu ndi kawiri." Ananyowetsa chala n'kutsegula. "Apa, 1904: 'mulibe paipi ndi imodzi yomwe yoyenera kusungidwa.' Apa, 1908: 'masupuni.' Apa, 1913: masupuni omwewo, mwawonjezera mafoloko."

"Amenewo anali makalata opempha limba latsopano! Munthu wopempha bulangete sanena kuti lakale likufundabe."

"Zoona zimenezo. Koma pali chidindo. Munthu akhoza kukokomeza, aphunzitsi. Chidindo sichikokomeza."

"Ndiye iwe ukuti, inu mukuti, ndichite chiyani?"

Stegmann sanali munthu woipa mtima. Za kumbuyo kwa kwaya zija ankazikumbukira, koma ankakumbukiranso kuti ataimirira kumbuyoko, milomo ikuyenda yokha, ankamva bwino mapaipiwo kuposa anzake amene ankakuwa. Anatenga pepala loyera n'kulemba mizere iwiri, n'kulitembenuzira kwa mlendo wake. Panalembedwa kuti: Ine wosaina m'munsimu ndinalakwitsa pa zimene ndinanena za mapaipi a kutsogolo a limba la ku Ammerode. Ndi a luso lapadera ndipo asungidwe.

"Malamulo amalola katswiri kusintha maganizo, bola avomere kuti akale aja anali olakwika. Sainani apa, dindani apa. Ndikaipereka ndekha kwa bwana, ndipo ndikukulonjezani kuti mapaipi atsala. Bwana wanga sawerenga chopitirira mizere iwiri, akaona chidindo mtima umakhala pansi."

A Liebetrau anagwira cholembera. Anaviika mu inki. Anayang'ana mawu akuti ndinalakwitsa, anayang'ana Stegmann, mwana amene sankatha kusiyanitsa kulira kwa belu ndi kwa ndowa, atakhala apo manja ali pamimba akudikira. Inki inadontha pa desiki.

"Nditenge, ndikaikonze kunyumba. Yafupika."

"Aphunzitsi, musakonze. Ingosainani."

"Ndakhala ndikulembera ofesi ino iwe usanaphunzire kupenga mphuno."

Kunyumba akazi awo, a Hulda, anawerenga mizere iwiriyo ataimirira pa mbaula, chikombe chili m'dzanja lina.

"Nanga chovuta n'chiyani, bambo? Sainani."

"Simukumvetsa. Pali mbiri ya munthu pamenepa."

"Mbiri yake iti? Mudzi wonse ukudziwa kuti mumawakonda mapaipi amenewo. Mayi Amthor amati Lachitatu lililonse masana mumawaliza okhaokha, maso mutatsinzina, ngati munthu woyamwa fupa."

"Mayi Amthor ali ndi miyendo, makutu alibe."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala nanu, sindinamvepo mukuti ndalakwa. Ngakhale tsiku lija munakhalira chipewa cha abusa."

"Chipewacho chinali pamalo olakwika."

"Chabwino. Ndiye nyimbo yanu ija mukaiimbira pa mafoloko."

Anakonza. Anakonza masabata atatu, ndipo mizere iwiri ija inabereka masamba khumi ndi limodzi. Inali kalata yokoma, palibe angatsutse. Tsamba loyamba linakumbutsa ofesi kuti mmisiri wa limbalo anali mbuli, ndiponso kuti mivukuto ili ndi mphumu. Masamba otsatira anaonetsa kuti kalata iliyonse ya m'faelo ija inali yoona pa nthawi yake ndi m'njira yake, kwa munthu wodziwa kuwerenga. Kenaka anafotokoza kuti mbuli nayo imatha kuponya mwala n'kulasa mbalame mwangozi, ndipo ngati mapaipi a kutsogolo amamveka bwino pena ndi pena, ulemu upite kwa zala zimene zimawaliza. Pempho loti mapaipi asungidwe linali pa tsamba lachisanu ndi chinayi, chapakatikati. Mawu aja a Stegmann sanalowemo paliponse. Kalatayo anaitumiza kwa bwana mwiniwake, poti ntchito yotere singadzere m'manja mwa munthu woimba ngati chitseko.

Bwanayo anawerenga monga mwa chizolowezi chake. Yankho linabwera pasanathe sabata, liwiro limene ofesiyo inali isanaonetsepo, ndipo linali la mzere umodzi: Ofesi ikugwirizana ndi katswiri kuti limbali lilibe luso lapadera. Kanali koyamba m'zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu kuti ofesi igwirizane ndi a Liebetrau.

Mapaipiwo anadzawachotsa mu Juni. Anabwera madala awiri ndi msilikali wa dzanja limodzi, ndi ngolo yoyala udzu. Mapaipi aataliwo sankakwana m'ngolo, ndiye anawagoneka pa bwalo la tchalitchi n'kuwaphwanya ndi nyundo yamatabwa kuti aphwatalale. Tini ndi chitsulo chofewa, sichikana. Sukulu ili pafupi ndi bwalolo, ndipo tsiku limenelo a Liebetrau anatseka mazenera onse n'kulamula ana kuti alakatule malamulo khumi mokuwa, akamaliza ayambirenso, mpaka ngolo itachoka. Mabowo a mpweya anawamata ndi zikopa. Amayi a mpingo anasoka nsalu yotuwa n'kuikoleka pamene panali mapaipi, kuti limba lisaoneke ngati nkhalamba yogweluka mano.

Abusa Hertel anayesa kuthandiza. "Nanga mutasamutsa mutu wa nyimbo, aphunzitsi, kuupatsa mapaipi ena a m'katiwo? Alipo ambiri."

"Abusa, mungasamutse ulaliki wanu n'kuupatsa tambala, poti nayenso ali ndi mawu? Nyimbo inalembedwa bwino. Sindisintha kanthu."

Tsiku la chikondwerero tchalitchi linadzaza mpaka pa makwerero. Akazi anali ambiri, amuna anali nkhalamba ndi opunduka, zovala zakuda zinaposa zina zonse. Ofesi ya chigawo inatumiza nthumwi, ndipo nthumwiyo inali Stegmann, atakhala pa benchi ya kutsogolo ndi chikwama pamiyendo. Itakwana nthawi, a Liebetrau anapatsa Mayi Amthor chizindikiro, anakoka kamtengo kotsegulira mpweya ku mapaipi amene kunalibe, n'kuyamba.

Analiza nyimbo yonse monga anailembera. Dzanja lamanzere, ndi mapazi oponda makiyi a pansi, zinkaperekeza mokhulupirika, kugwada, kupatuka panjira, kutsegulira khomo mlendo wolemekezeka amene sankalowa. Dzanja lamanja linkathamanga pa makiyi osatulutsa kanthu koma kuti kwa kwa kwa. Anthu anadikira mutu wa nyimbo monga anazolowera kudikira vesi, mofatsa, akuganiza zawo. Chapakati panali pamalo pamene a Liebetrau anagwirapo chaka chathunthu, pamene zoperekeza zonse zimaleka kuti mapaipi a kutsogolo aimbe okha. Pamenepo tchalitchi linangoti zii. Kunkamveka kugogoda kwa makiyi, ndi matabwa a mivukuto akulira kuseri, poti Mayi Amthor palibe anawauza kuti aleke. Mayi wina anaweramitsa mutu, poganiza kuti ndi nthawi yokumbukira ana amene anatsala ku nkhondo. Ena anamutsatira. Posakhalitsa mabenchi onse anawerama, ndipo kulira kunayamba cha kumbuyo n'kumabwera kutsogolo. M'mwamba muja a Liebetrau, maso atatsinzina, analiza mbali imeneyo popanda kuphonya ndi pamodzi pomwe. Sanalizepo bwino chotero moyo wawo wonse, ndipo amene anamva anali iwo okha.

Atatsika makwerero anapeza abusa akupukuta magalasi.

"Aphunzitsi, mwatigwira mtima lero. Makamaka paja munasiya kuliza."

Kumbuyo kwa abusa kunali Stegmann, pepala lili kale m'manja. Anapepesa kuti akubweretsa ntchito pa tsiku lachikondwerero, koma sitima ndi yamadzulo, ndipo ofesi ikufuna katswiri anene za limba lililonse limene linachotsedwa mapaipi. Fomuyo inali ndi mabokosi awiri. Loyamba linkati limba lataya mawu ofunika ndipo silikukwanira pa mapemphero. Lachiwiri linkati limba silinataye kanthu kofunika.

"Tamvani, aphunzitsi," anatsitsa mawu Stegmann. "Nkhondo ikadzatha, matchalitchi a bokosi loyamba ndi amene adzayambe kuganiziridwa pa mapaipi atsopano. Sadzakhala ngati aja, koma nyimbo yanu idzamveka. Chongani loyambalo."

A Liebetrau anawerenga bokosi loyamba kawiri. Mawu ofunika. Anaona faelo ija m'maganizo, makalata makumi atatu ndi asanu ndi awiri, ndi masamba khumi ndi limodzi pamwamba pake, ndi kapepala aka kakukhala pamwamba pa zonsezo n'kumazitsutsa. Mayi Amthor anali atatulukira kuseri, nsapato zili m'manja, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana. A Hulda anaima pa khomo, nawonso akuyang'ana.

"Maganizo a katswiri pa mapaipi amenewo ofesi ikuwadziwa kale," anatero a Liebetrau.

Anachonga bokosi lachiwiri. Chidindo chinali m'thumba la jekete, poti sankayenda osachitenga. Anachiuzira mpweya kawiri n'kudinda pepalalo atalitsamiza pa khoma la makwerero, mowongoka bwino.

Stegmann anauzira pa inki, anapinda pepala, anaika m'chikwama. Milomo yake inayenda pang'ono koma sanatulutse mawu, kenaka anavala chipewa n'kutsimphina kulowera ku siteshoni.

Nkhondo itatha, midzi yoyandikana nayo inalandira mapaipi ake umodziumodzi, a chitsulo chotsika, opaka utoto wa siliva. Ammerode sinali pa mndandanda, pakuti katswiri wake anachitira umboni kuti sikusowa kanthu. A Liebetrau analiza limba kuseri kwa nsalu yotuwa ija mpaka anamwalira mu 1924, ndipo nyimbo yawo yaikulu sinalizidwenso.